Jumadil Akana Kutsika Kachitatu

Mutu 5

1. Pa doko

Boti la a Daeng Sikki linali litapakira kale madzi akumwa, mpunga ndi mchere pamene Jumadil ankafika pa doko. Anabwera mozemba, magalasi ake obirira m'madzi atawabisa m'malaya.

Jumadil anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Kwa zaka ziwiri ankangobira m'madzi osaya a kuseri kwa chilumba chathu. Tsiku limeneli kanali koyamba kupita kokuya, kumene teripang zonenepa, nyama za m'nyanja zogulitsidwa pa mtengo wokwera, zimagona pamchenga ngati nkhaka zikuluzikulu.

Atatsala pang'ono kuponda thabwa lokwerera m'boti, ndodo yopindika inamukola mwendo.

"Iwe! Bwera kuno."

Anali amalume ake, a Daeng Rola. Anakhala pa mpando wawo wamatayala, ukonde umene ankasoka uli pamiyendo. Miyendoyo inafa zaka zisanu ndi zinayi zapitazo.

"Amalume, boti linyamuka."

"Linyamuke! Ndati bwera kuno. Ukuyesa sindikuona chimene chatukumuka m'malayamo? Mayi ako akudziwa?"

Jumadil anayang'ana pansi.

"Sindikuletsa," anatero a Daeng Rola. "Ndinaletsa mkulu wako, anapita. Ndinaletsa ana a eni ake, anapita, ndipo awiri tinawaika m'manda. Ndatopa n'kuletsa. Koma uima pano umve, ukakafa ukafe ukudziwa chokupha.

"Mpweya ukupumawu si chinthu chimodzi. Ukaugawa pasanu, gawo limodzi lokha ndiye okosijeni, amene thupi limadya. Magawo anayi enawo ndi naitirojeni. Ameneyu pamtunda pano alibe mlandu, amangolowa n'kutuluka. Koma ukatsika mikwamba khumi ndi isanu, makumi awiri, madzi amakupanikiza mbali zonse. Naitirojeni uja amakanikizika, n'kusungunukira m'magazi, m'mafuta a thupi, mpaka mu mtsempha wa msana. Ukamakhalitsa pansi, iye akungolowabe. Iwe sukumva kanthu. Ukungotola teripang, mano ali pamtunda."

Anatenga botolo la soda limene linali pambali pawo, n'kulitsegula mwamphamvu. Thovu linafufuma, n'kutayikira pa ukonde ndi pamapazi a Jumadil.

"Waona? Thovuli linali kuti ndisanatsegule? Linali m'madzi momwemo, litasungunuka. Magazi ako ndi botolo limeneli. Ukakwera mothamanga, watsegula chivindikiro. Thovu limodzi likatsakamira m'bondo, ulira ngati mwana. Likatsakamira m'msana, ukhala pano pafupi ndi ine, tizisoka maukonde tonse. Anthu amati keramu, ena amati mizimu ya m'nyanja yakwiya. Mizimu yake iti? Ndi thovu basi! Adokotala a ku mzinda wa Makassar anandionetsa botolo ngati limeneli nditagona kale chagada. Iwe ndikukuonetsa uli chiimire, ndiye usandiyang'ane ngati nsomba youma.

"Pokwera, usapitirire tithovu ting'onoting'ono totuluka m'kamwa mwako. Tizikhala patsogolo, iwe pambuyo. Pakatsala mikwamba itatu, gwira chingwe cha nangula, uime, uwerenge mpaka mazana atatu pang'onopang'ono. Akukoke, akutukwane, iwe ima. Ukatuluka imwa madzi ambiri, upume nthawi yaitali, naitirojeni atuluke ndi mpweya. Kuya kumene mukupitako, ngakhale kawiri n'kochuluka kale. Kachitatu usayerekeze. Ine ndi kachitatu kamene kanandikhazika pano.

"Uyang'anenso utsi wa injini. Kompulesa yokupopera mpweya m'paipi ija ikaumeza, imakutumizira pansi mpweya wakupha umene ulibe fungo. Umakakamira m'magazi, okosijeni n'kusowa pokhala. Umangomva mutu, kenako tulo.

"Wina akagwidwa ndi keramu, mugonekeni, mum'mwetse madzi ngati akutha kumeza. Osamusisita, osamuwotcha ndi madzi otentha, osamubwezera pansi. Thamangani naye ku Makassar, ku chipatala chimene chili ndi chipinda chachitsulo chija. M'menemo amamupanikiza ndi mpweya, n'kumupumitsa okosijeni yekhayekha, thovu lisungunuke. Ine anandisunga masiku atatu akundipaka mafuta. Masiku atatu!"

"Amalume, mwatsegulanso sukulu?"

Anali Taju, mkulu wake wa Jumadil, atanyamula lamba wa mtovu womuthandiza kumira paphewa. Taju anali mnyamata wamphamvu, wotchuka pachilumba chonse potola teripang. Mkazi wake Nurlela anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri.

"Musiyeni mwanayu, mumuopseza," anatero Taju akuseka. "Ine ndabira zaka zisanu ndi chimodzi, keramu sanandikhudzepo n'chala chomwe."

"Ine ndinabira zaka khumi ndi ziwiri, chitsiru iwe!" anakuwa a Daeng Rola. "Chokani pamaso panga nonse awiri."

Jumadil anakwera m'boti makutu akutentha ndi manyazi, chifukwa anthu onse a pa doko anamva.

2. Mikwamba khumi ndi isanu ndi itatu

Anafika pamalo obirira dzuwa litakwera. M'botimo munali anthu anayi: mwini boti a Daeng Sikki, Taju, Jumadil, ndi a Sattu, bambo wachikulire wosalankhulalankhula amene ankayang'anira kompulesa ndi mapaipi.

Kompulesayo inali yakale, yopopera matayala a galimoto. A Sattu ataliza injini yake, Jumadil anaona kuti mphepo ikukankhira utsi pomwe kompulesa imakokera mpweya.

"A Sattu, utsiwo ukulowa."

A Sattu anayang'ana. Anadula kachidutswa ka paipi, n'kukalumikiza pokokera mpweya paja, n'kukamangirira pamwamba pa mlongoti.

"Tabwera ndi adokotala lero," anatero a Daeng Sikki. "Fulumirani, dzuwa silikudikira."

Jumadil anazunguliza paipi m'chiuno, n'kuluma nsonga yake ndi mano. Iye ndi Taju analumphira m'madzi.

Anatsika akutsina mphuno kuti makutu atseguke. Madzi anayamba kuzizira. Kuwala kunachepa. Atafika pamchenga, mutu unamupepuka, ndipo anafuna kuseka popanda choseketsa. Kumeneku ndiye kuledzera kwa pansi kumene anzake ankakamba, ntchito ya naitirojeni yemwe uja. Anagwedeza mutu, n'kuyamba kutola.

Teripang zinalipo zambiri, zoyera, zolemera. Patapita pafupifupi theka la ola, dengu linadzaza. Taju anamukodola n'kuloza kumwamba.

Taju anakwera ngati wathamangitsidwa. Jumadil anatsatira tithovu take, dzanja pambuyo pa dzanja pa chingwe cha nangula. Ataona mimba ya boti ili pafupi, anaima n'kuyamba kuwerenga.

Asanafike pa makumi asanu, paipi inakokedwa kuchokera kumwamba. Inakokedwanso mwamphamvu, mpaka kum'finya m'chiuno. Jumadil anakoleka mwendo pa chingwe. Anawerenga mpaka mazana atatu.

Atatulutsa mutu m'madzi, anakumana ndi nkhope ya a Daeng Sikki.

"Umatani pamenepo? Umaikira mazira?"

"Ndimapuma, a Daeng."

"Umapuma! Pansi pa boti langa, ndi mafuta anga! Mkulu wako wamwa kale khofi, iwe ukulendewera ngati nyambo."

"Musiyeni," anatero Taju, akupukuta tsitsi. "Akuwerenga homuweki ya amalume."

Anapuma ola limodzi lokha, n'kutsikanso. Ulendo wachiwiriwo Jumadil anachitanso chimodzimodzi, ndipo a Daeng Sikki anamutukwana mpaka kutchula agogo ake.

3. Mkangano

Anali asanamalize kudya mpunga ndi nsomba yootcha pamene a Daeng Sikki anaimirira n'kuloza kumadzulo. Mitambo yakuda inali itaunjikana kumeneko.

"Mwaiona? Mphepo ya kumadzulo yafika. Mawa palibe boti lidzatuluke, mwina mpaka miyezi itatu. Pansipa pali teripang zimene sindinazionepo chibadwire. Valani, mutsike komaliza."

Taju anayamba kumanga lamba wake. Jumadil sanasunthe.

"Iwe, wagontha?"

"Ine sinditsika, a Daeng."

"Wati chiyani?"

"Tatsika kawiri, kokuya, ndipo sitinapume mokwanira. Kachitatu ayi."

A Daeng Sikki anaponya mbale yawo pansi. Mpunga unamwazika.

"Tamverani kamwana aka! Dzulodzuloli kamatola nkhono m'madzi ofika m'mawondo, lero kakundiphunzitsa nyanja! Anandichonderera ndani kuti ndikutenge? Si iwe? Anyamata angati ndawasiya pa doko chifukwa cha iwe? Rola wakudyetsa mantha. Iye uja anali wosasamala, n'chifukwa chake anapuwala."

"Amalume anapuwala pa ulendo wachitatu," anatero Jumadil. "Achimwene, inunso musatsike. Mwakwera mothamanga kawiri konse."

Taju anam'gwira pamkono n'kumukokera kutsogolo kwa boti.

"Ukundichititsa manyazi, wamva?" ananong'ona mwaukali. "Ndine ndinakunenerera kwa bambowa. Nurlela achira mwezi wa mawa uno kapena winawo, nyanja itatsekeka. Mwanayo adzadya chiyani? Thovu la amalume?"

"Nanga mukapuwala adzadya chiyani?"

"Tseka pakamwa! Vala lamba."

"Sindivala."

Taju anamukankha pachifuwa, n'kutola madengu onse awiri, lake ndi la Jumadil.

"Khala, mayi. Usunge mpunga usapserere."

Analuma paipi n'kulumpha.

Jumadil anakhala pafupi ndi a Sattu, maso ali pa thovu limene linkatumphuka pamadzi. Theka la ola linadutsa. Dengu loyamba linakokedwa lodzaza. Taju sanatuluke. Mphindi zina makumi awiri zinadutsa, mphepo n'kuyamba kugwedeza boti.

"Akhalitsa," anatero Jumadil. "A Sattu, apatseni chizindikiro."

"Usakhudze paipi imeneyo!" anakuwa a Daeng Sikki. "Mwamuna akugwira ntchito."

Pomaliza Taju anatumphuka pafupi ndi boti, dengu lachiwiri lili m'manja. Sanaime paliponse pokwera.

4. Kapu ya khofi

Taju anakwera m'boti yekha, akuseka. Anavula lamba, n'kumenya pachifuwa pake.

"Adokotala, tandipimani. Ndafa?"

A Daeng Sikki anaseka mpaka kutsokomola. Anamuthirira khofi ndi manja awo, n'kumupatsa ndudu. Jumadil anayamba kutumbula teripang n'kuzithira mchere.

Sipanapite mphindi khumi ndi zisanu. Kapu inagwa n'kugubuduka pa matabwa.

"Dzanja langa lachita dzanzi," anatero Taju. Anayesa kuseka. "Ndagonera... ayi. Msana. Msana ukundiwotcha."

Anafuna kuimirira. Miyendo inapindika, ndipo anagwera pa mulu wa mapaipi.

"Jumadil! Miyendo yanga ili kuti? Sindikuimva!"

Jumadil anathamanga n'kumugoneka chagada pamthunzi. Anamutsina chala chachikulu cha kuphazi. Taju sanamve. Anamutsina pa bondo. Sanamvenso.

"A Daeng, zulani nangula. Tipite ku Makassar."

"Ku Makassar?" A Daeng Sikki anali atasiya kuseka. "Maola asanu, ndi mphepo imeneyi? Kakeramu kakang'ono aka. Sattu, tenga mafuta a kokonati umusisite. Wiritsa madzi."

"Osawasisita! Madzi otentha ndiye awonjezera thovu!"

"Ndiye tim'bwezera pansi. Timumangirira pa chingwe, atsike mikwamba khumi, thovulo lisungunukire komweko. Timatero nthawi zonse. Ndipo iwe utsika naye, popeza ndiwe wodziwa. Uli pansipo utolenso zotsalazo."

Jumadil anaimirira.

"Munthu walephera kugwira kapu, paipi akailuma bwanji? Akakomoka pansipo, mukamutenga ndinu? Mafunde ndi awa akukula. Mukufuna mukauze alamu anga kuti chiyani?"

"Boti ili ndi langa!" anakuwa a Daeng Sikki. "Pano wolamula ndine. Sattu, liza kompulesa!"

A Sattu anayang'ana Taju, anayang'ana mwini boti, kenako anagwira chingwe cholizira injini. Anali ndi ana asanu kunyumba, ndipo ntchito yawo inali yomweyi.

Jumadil anawadutsa. Anagwada pa kompulesa, n'kusolola lamba wopota makinawo, n'kumuponya kutali m'nyanja. Lambayo anayandama pang'ono, kenako anamira.



Khofi limene a Daeng Sikki anam'menya nalo linamugwetsera pa dengu la teripang. Mlomo unang'ambika.

"Galu iwe! Mwana wopanda mwambo! Ukudziwa kumene ndinamupeza lamba ameneyo? Sudzapondanso boti lililonse pachilumba chathu, ndikulumbira! Ndidzauza aliyense!"

Jumadil anadzuka, akulavula magazi.

"Kawauzeni. Koma pano palibe atsikenso. Zulani nangula."

A Sattu sanadikire kuti auzidwe. Anapita kutsogolo n'kuyamba kukoka chingwe cha nangula. A Daeng Sikki anatukwana kumwamba ndi pansi, anamenya chidebe ndi phazi, koma pomaliza analiza injini ya boti n'kukhala pa chiwongolero.

5. Ulendo

Boti linalunjika kum'mawa, mphepo ikulikankha kumbuyo. Jumadil anakhala pansi, n'kutsamiritsa mutu wa mkulu wake pa nsalu yopinda. Ankamumwetsa madzi pang'onopang'ono. A Sattu anamufunditsa ndi chisaka chouma.

Patapita nthawi, Taju anatembenuza nkhope, maso ali ofiira.

"Ndiwe wachititsa."

"Imwani madzi, achimwene."

"Ndati ndiwe! Tikanatsika awiri, tikanadzaza madengu msanga. Sindikanakhalitsa pansi paja. Unandisiya ndekha."

Mawuwo anamulasa Jumadil kuposa khofi lija.

"Ndinakuuzani kuti musatsike! Amalume anakuuzani! Munanditcha mayi, munanditcha adokotala, anthu akuseka. Tikanatsika awiri, bwenzi pano tagona awiri, ndipo bambo awo akutimangirira pa chingwe ngati nyambo. Ndani akanakutengerani ku chipatala?"

Taju anatseka maso. Misozi inatsikira m'makutu.

"Mkodzo wandithina," ananong'ona, "koma sukutuluka. Mphwanga, ndidzayendanso?"

"Tikafika msanga, akakuikani m'chipinda chachitsulo chija. Amalume anachedwa masiku atatu. Inu simuchedwa ngakhale tsiku limodzi."

"Usakamuuze Nurlela kuti ndinalira."

"Imwani madzi."

Anayenda choncho maola awiri. Jumadil ankamutsina mkulu wake nthawi ndi nthawi kuti aone pamene dzanzi lafika. Poyamba linali m'mawondo. Kenako linafika m'ntchafu. Tsopano linali litafika pamchombo.

Funde lalikulu linamenya boti m'nthiti, madzi n'kuwathira onse awiri. Linabweranso lina, mbali yomweyo ya kumanzere. Jumadil anakweza mutu. Mafunde aja ankabwera kumbuyo, nanga tsopano akumenya bwanji m'mbali? Anayang'ana kumwamba. Dzuwa, limene linkaoneka mwa apo ndi apo m'mitambo, silinalinso kumsana kwawo. Linali kudzanja lamanzere.

Kutsogolo, patali, anaona mitengo ya kokonati ndi nsonga yobiriwira ya mzikiti wa pachilumba chathu.

"A Sattu," anatero motsitsa mawu, "boti lakhota liti?"

A Sattu sanamuyang'ane m'maso.

"Kanthawi kapitako. Akuti ku Makassar adokotala akafunsa kuti munthuyu amabira ndi chiyani. Zikamveka kwa apolisi a panyanja, kompulesa ndi boti zipita. Akuti akamugoneka kunyumba kwawo, sing'anga akamuone mawa."

"Mawa?"

"Ndi mmene anenera."

Jumadil anachotsa dzanja lake pamutu pa mkulu wake mosamala, n'kuika botolo la madzi m'manja mwa a Sattu.

"Muziwamwetsa. Musawasiye."

Anaimirira, n'kuyamba kuyenda kulowera kumbuyo kwa boti, akugwira m'mphepete chifukwa cha mafunde. A Daeng Sikki anamuona akubwera. Dzanja limodzi analisiya pa chiwongolero. Ndi linalo anasolola chikwanje chimene chinali pansi pa mpando wawo, n'kuchiika pamiyendo.

"Bwerera pamalo pako, mwana iwe," anatero.

Jumadil sanaime.